Msonkhano wa kunja, sikolashipu kapena ganyu ya kafukufuku: wophunzira agogode khomo liti?

Mwezi wa Marichi chaka chatha, mphwanga wina, mwana wa mayi aang'ono, ananditumizira uthenga pa WhatsApp anthu atagona kale. Anali chaka chachitatu pa imodzi mwa mayunivesite a boma. "Achimwene, anditenga! Ulendo wa ku Dubai uwu." M'munsi mwake munali kalata ya chidindo chagolide yonena kuti abstract yake, chidule cha kafukufuku wake, yavomerezedwa ku msonkhano wa akatswiri a zaumoyo, zaulimi, zamalonda, zamakina ndi zamaphunziro, onsewo m'holo imodzi kwa masiku awiri. Abstract anaitumiza Lachiwiri, yankho linafika Lachinayi. Chotsala chinali kulipira madola 450 sabata isanathe, ndipo kumudzi anali atayamba kale kuiyang'ana ndi diso la msika njinga yamoto ya mkulu wake, ija amapangira kabaza.

Sindinamuseke, chifukwa nanenso makalata oterewa anandidumphitsapo mtima ndili pa sukulu. Ndinangomufunsa kuti akakabwerako adzakhala ndi chiyani m'manja chimene lero alibe. Anati satifiketi ndi zithunzi. Pamenepo tinayamba kuwerengera limodzi makomo ena amene wophunzira wa kuno angagogode, ndipo khomo lililonse tinkaliyeza ndi mafunso atatu. Lindidyera ndalama zingati ndisanapeze kanthu? Likatseka, nditsala ndi chiyani? Ndipo ndani adzandidziwe dzina, munthu woti mawa angandilembere kalata ya umboni yokhala ndi nyama?

Funso lachitatulo ndi limene ophunzira ambiri saliganizira, pamene ndilo limatsegula makomo ena onse.

Ganyu ya kafukufuku

Khomo ili silioneka bwino pa Facebook, n'chifukwa chake ambiri amalilambalala. Koma kafukufuku amachitika wambiri zedi m'dziko muno, makamaka wa zaumoyo, zaulimi ndi za moyo wa anthu. Ku Blantyre, pafupi ndi chipatala cha Gulupu, kuli Malawi-Liverpool-Wellcome. Ku Lilongwe, pa Kamuzu Central, kuli UNC Project. MEIRU ili ku Chilumba ku Karonga komanso ku Lilongwe. Ku Zomba kuli Centre for Social Research, imene yakhala ikuyendetsa kafukufuku wa Afrobarometer kuno, ndi National Statistical Office, eni kalembera ndi akafukufuku akuluakulu a m'makomo. A zaulimi amaidziwa MwAPATA. Kuonjezera apo, m'madipatimenti ambiri a UNIMA, KUHeS, MUBAS, LUANAR, Mzuni ndi MUST simulephera kupezeka lekichala amene wapata thandizo la kafukufuku ndipo akusowa manja.

Ntchito yake ilibe ulemerero. Mumadzuka kusanache m'kachipinda ka resiti hausi, kuona ngati tabuleti ndi pawabanki zinadzadza usiku, n'kukwera galimoto ya fumbi mpaka kumene netiweki imathera. Mukafika mumayamba mwaonekera kwa amfumu. Kenako muli pa mphasa ndi mayi amene akutongola chimanga, inu mukuwerenga fomu ya chilolezo, iwo akukudulani: "Kodi akuluakulu, mayina mukulembawa ndi a makuponi kapena a Mtukula Pakhomo?" Muyenera kufotokoza bwinobwino kuti palibe chimene adzalandire, koma muwafotokozere mwaulemu woti akhalebe nanu ola lathunthu. Luso limeneli m'kalasi mulibe. Mumaphunziranso kuti mawu a Chingerezi oti household si "banja" ndipo si "nyumba", koma anthu odya mphika umodzi, ndipo mukaphonya pamenepo manambala onse otsatira apotoka. Mumazolowera mapulogalamu olembera mayankho pa tabuleti ngati KoboToolbox, ODK, SurveyCTO kapena CSPro. Amene amayankhula Chiyao, Chitumbuka, Chisena kapena Chilomwe kuonjezera pa Chichewa amasankhidwa msanga.

Pa funso la ndalama khomo ili limapambana onse, chifukwa m'malo mokudyerani limakupatsani alawansi. Ngozi yake ili pomwepo. Ndawaona anzanga atakomedwa, akuthawa makalasi kukatolera deta pakati pa semesita, kutha kwake supu, mayeso obwereza aja, ena mpaka kuwidwa, kuchotsedwa sukulu. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Magiredi akawonongeka, masikolashipu onse amene ndiwatchule m'munsimu atsekeka, ndipo palibe alawansi ingawatsegulenso. Ganyu ya kumudzi ndi ya pa holide.

Mkati mwa khomo lomweli muli zipinda ziwiri zosiyana kwambiri. Kutolera deta kumalipira bwino, koma mumakhala mmodzi mwa anthu 40 ovala mabibu ofanana, ndipo mwini kafukufuku sangakuzindikireni mutakumana ku Chichiri. Kukhala pansi ndi lekichala kuyeretsa deta (kukonza zolakwika m'mayankho otoleredwa), kumasulira zimene zinajambulidwa m'makambirano, kusakasaka mapepala a ena kapena kuyendetsa manambala m'mapulogalamu a Stata ndi R kumalipira pang'ono, nthawi zina n'kungopatsidwa bandulo ndi ya thiransipoti. Koma munthu ameneyo amakuonani mukugwira ntchito miyezi itatu, amadziwa ngati mumasunga nthawi, amadziwa mmene mumachitira mukalakwitsa. Ine ndikanati ndibwerere m'mbuyo, holide imodzi ndikanapita kumudzi kuti ndigule laputopu, zotsalazo ndikanakhala m'chipinda chachiwirichi.

Chinthu chimodzi mufunse ntchito isanayambe: pepala likadzatuluka, dzina langa lidzakhala pati? Ine ndinachita manyazi kufunsa. Ndinagwira miyezi inayi, matebulo awiri a m'pepala lija ndinapanga ndine, koma litatuluka ndinadzipeza m'ndime yomaliza, m'gulu la "onse amene anathandiza kutolera deta". Sindinganene kuti anandibera, poti sitinapangane kanthu. Kufunsako sikufuna mtopola: "A Dokotala, ndichite chiyani kuti ndiyenere kukhala m'gulu la olemba?" Lekichala wabwino amayankha mosabisa.

Kalowedwe kake n'kugogoda basi. Werengani pepala limodzi limene lekichalayo analemba, mupite ku ofesi nthawi ya ntchito, munene chimene mumatha ndi nthawi imene muli nayo. Mbewa ya manyazi inafera ku una. Kwa achemwali anga ndionjezere mawu awa: zokambirana za ntchito zichitikire mu ofesi, masana, ndipo zimene mwagwirizana muzitsatize ndi imelo. Munthu akayamba kusunthira nkhani ya ntchito ku loji kapena ku mauthenga a usiku, mwayi umenewo usiyeni, ndipo muuze wina amene mumamukhulupirira.

Dziwaninso kuti kuyambira kumayambiriro kwa 2025, pamene boma la America linadula thandizo lake lambiri la kunja, mapulojekiti ena anatsekedwa, ena anachepetsa antchito. Ganyu imene kale inkagwiridwa ndi a chaka chachiwiri lero akuilimbirana ndi anthu a madigiri m'manja.

Misonkhano: ya pakhomo, ya kwa aneba, ya kutsidya kwa nyanja

Mawu oti msonkhano amabisa zinthu zitatu zosiyana mtengo ngati njinga, minibasi ndi ndege.

Wa pakhomo ndi umene ophunzira amaunyoza. KUHeS imachititsa Research Dissemination Conference, mwambo umene unayamba ikadali College of Medicine. A zachuma ali ndi msonkhano wa pachaka wa ECAMA ku nyanja. National Commission for Science and Technology imasonkhanitsanso ofufuza, ndipo a zamakompyuta ali ndi IndabaX Malawi. Mtengo wake ndi tikiti ya basi, kusindikiza positala yoonetsa kafukufuku wanu, ndi mphasa kwa azakhali ku Chilomoni kapena ku Area 25. Ina imakhala ndi mtengo wotsika wa ophunzira, ndipo ngati dipatimenti yanu ili ndi gawo pamenepo, kuthandiza kulembetsa alendo pakhomo kumatha kukulowetsani ulere.

Chimene onyozawo saona n'chakuti anthu amene amalemba ntchito ofufuza achinyamata m'dziko muno, ndi amene amasaina makalata a umboni, amakhala m'holo yomweyo, akumwa tiyi mapazi asanu kuchokera pa positala yanu. Pulofesa wa ku Boston akhoza kukuyamikirani, koma mawa wakuiwalani. Mayi woyang'anira pulojekiti ku Zomba akakufunsani funso n'kukhutira ndi yankho, nambala yanu amaisunga.

Kwa woyamba kumene, positala imaposa kuyankhula pa nsanja. Pa nsanja mumapatsidwa mphindi 10, mawu akunjenjemera, wapampando akukuonetsani kapepala ka nthawi, funso limodzi, basi mwatsika. Pa positala mumaima ola lonse, mumafotokoza nkhani yomweyo kasanu ndi kawiri, ndipo pofika kwa munthu wachisanu mwadziwa pamene anthu amasokonekera ndi pamene maso awo amawala. Konzani mafotokozedwe a mphindi ziwiri: funso linali lotani, munachita chiyani, munapeza chiyani. Ngati n'kotheka sindikizani pa nsalu. Ya pepala ndinaionapo itafika ku Blantyre itathyoka pakati chifukwa kondakitala anaikhazika pansi pa thumba la mbatata, pamene ya nsalu imapindika ngati chitenje n'kulowa m'chikwama. Ndipo ngati kafukufuku wanu akukhudza anthu, chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa ofunsidwa, kaya COMREC, kaya NHSRC, kaya ya pa yunivesite yanu, chitengedwe musanafunse munthu ndi mmodzi yemwe. Misonkhano yeniyeni ndi majenalo enieni amafunsa nambala yake, ndipo siitengedwa ntchito itatha.

Wa kwa aneba ndiwo ndimaukonda. Mu Novembala 2023 msonkhano waukulu wa zaumoyo wa Africa CDC, CPHIA, unachitikira ku Lusaka, ndipo mwezi wotsatira ICASA, wa za Edzi, unali ku Harare. Ku Lusaka munthu amafika pa basi kudzera ku Mchinji ndi Chipata, akuyankhula Chinyanja njira yonse. Ku Harare mumadzera ku Mwanza, Tete ndi Nyamapanda. Ulendo waufupi wa ku Zambia, Zimbabwe kapena South Africa sufuna viza kwa wa pasipoti ya Malawi. Misonkhano yomweyi ikanakhala ku Ulaya, wophunzira wa ku Ntcheu sakanailota n'komwe.

Ina ya mu Africa inakonzedwa ndi ophunzira m'maganizo. Deep Learning Indaba, ya a zamakompyuta, inayamba mu 2017 pa Wits ku Johannesburg, ndipo yazungulira ku Nairobi, Tunis, Accra, Dakar ndi Kigali; imasankha ophunzira ena n'kuwathandiza pa ulendo ndi pogona, koma fomu yake imafuna muonetse chimene mwapangapo kale, ngakhale chaching'ono. A zaulimi ali ndi RUFORUM, mgwirizano wa mayunivesite umene likulu lake lili pa Makerere ku Kampala, ndipo a ku Bunda amaudziwa bwino. A zamalamulo ali ndi mpikisano wa khoti loyeserera wa za ufulu wa anthu umene Centre for Human Rights ya ku Pretoria imayendetsa chaka ndi chaka. Kachinthu kamene kamagwetsa anthu pa bwalo la ndege ndi kadi yachikasu ya katemera wa yellow fever: maiko ngati Ghana ndi Uganda amaifuna polowa, ndipo katemerayo amayamba kuwerengedwa patatha masiku 10 chibayireni.

Wa kutsidya kwa nyanja ndi wabwino ngati akulipira ndi wina. Mwa ndalama zanu, ayi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse cholipira mu madola chinakwera usiku umodzi, ndipo madolawo kuwapeza ku banki ndi nkhondo ina. Pamwamba pake pali viza. Mu 2022, ku msonkhano wa dziko lonse wa za Edzi ku Montreal, nthumwi zambiri za ku Africa zinakanizidwa viza kapena zinaipeza mochedwa, ena mwa iwo anali oti akayankhule. Mu Ogasiti 2025 boma la America linayamba kufuna chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000 kwa ena opempha viza ya ulendo waufupi, ndipo maiko awiri oyamba pa mndandanda anali Malawi ndi Zambia. Ndalama ya fomu ya viza sibwerera akakukanani.

Ngakhale mutapeza thandizo la ulendo, werengani bwino kalata yake. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa "tikugulirani tikiti" ndi "gulani, tidzakubwezerani". Kwa wofufuza wa ku Oslo chachiwiricho si nkhani. Kwa inu chikutanthauza katapila wa mamiliyoni, kudikira kubwezeredwa miyezi iwiri kapena itatu chiwongoladzanja chikuswana. Alembereni okonza msonkhanowo kuti simungathe kuyamba mwalipira nokha. Ambiri amamva, chifukwa si inu oyamba kunena.

Tsopano za msonkhano wa mphwanga uja. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pali makampani amene ntchito yawo n'kukonza misonkhano ya dzina lokha, n'kumatumiza maimelo zikwizikwi kwa aliyense amene adiresi yake yaoneka pa intaneti. Zizindikiro zake sizisintha: mitu yosagwirizana m'holo imodzi, kuvomereza abstract m'masiku awiri popanda ndemanga iliyonse, kukutchulani Pulofesa muli chaka chachitatu, kukukakamizani kulipira msanga, ndi msonkhano wa dzina lomwelo wochitika mwezi uliwonse m'mizinda yosiyana ya alendo. Msonkhano weniweni umakhala ndi bungwe la akatswiri kapena yunivesite kumbuyo kwake, mayina a komiti mungawapeze pa masamba a mayunivesite awo, ndipo pulogalamu ya chaka chatha imaoneka. Pali tsamba lotchedwa Think. Check. Attend. limene lili ndi mafunso oyezera zimenezi. Koma njira yachidule ndi kuonetsa kalatayo kwa lekichala wa phunzirolo. Akati sanaumvepo, khalani pansi. Choopsa si ndalama zokha: amene amasankha anthu a sikolashipu amaidziwa misonkhano imeneyi, ndipo akaiona pa CV amayamba kukayikira zina zonse zimene mwalemba.

Za pa intaneti sindichedwapo. Kumvera msonkhano pa Zoom n'kotsika mtengo, mumaphunzirapo ndithu, koma palibe amene amakudziwirani pamenepo, ndipo magetsi amadziwa kuthima ndendende pamene dzina lanu laitanidwa. Chaphindu chenicheni cha intaneti chili ku layibulale: mayunivesite a kuno amatha kuwerenga majenalo ambiri okwera mtengo kudzera mu pulogalamu ya Research4Life ndi MALICO, mgwirizano wa malayibulale a m'dziko muno, ndipo ophunzira ena amamaliza zaka zinayi osafunsapo kalowedwe kake. Makosi a R, Python kapena kalembedwe ka sayansi ndi othandiza mukagwiritsa ntchito zimene mwaphunzirazo pa deta yeniyeni. Mulu wa masatifiketi a mawebina supatsa munthu chidwi. Mipikisano ya mtsutso, ya mabizinesi ndi ya kupanga mapulogalamu, ija imachitikira malo ngati mHub, Mzuzu E-Hub ndi UniPod ya pa MUBAS, imakuphunzitsani kuima pa gulu ndipo nthawi zina imabwera ndi kandalama. Lowani umodzi kapena iwiri. Pali ena amene anasanduka akatswiri opambana mipikisano, chaka ndi chaka lingaliro lomwelo, osaligwiritsapo ntchito.

Mastazi: ku Ulaya, mu Africa, kapena konkuno

Apa ndi pamene mitima ya ambiri ili, ndipo makomo onse a pamwambawa amathera pano.

Masikolashipu a kutali ndi odziwika. Chevening imakutengani ku Britain kwa chaka chimodzi, koma imafuna zaka ziwiri za ntchito, zimene amaziwerenga ngati maola 2,800, ndipo mukamaliza muyenera kubwerera kwanu kwa zaka ziwiri. Wa chaka chachitatu asataye nayo tulo panopa.  Commonwealth ili ndi mitundu ingapo. Beit Trust ndi yathuyathu, chifukwa imatenga anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha, choncho simupikisana ndi dziko lonse lapansi. Ireland ili ndi pulogalamu yake imene Amalawi amalowamo, Germany ili ndi DAAD, European Union ili ndi Erasmus Mundus imene imakuyendetsani m'maiko awiri kapena atatu, ndipo Japan, China ndi India amapereka awo kudzera m'maofesi a akazembe kapena m'boma. Rhodes ya ku Oxford imawerengera Malawi m'gulu limodzi ndi South Africa, Botswana, Lesotho, Namibia ndi eSwatini, pamene Zambia ndi Zimbabwe ali ndi malo awoawo. Malire ake a zaka zakubadwa ndi otsika, ndiye ndi ya omaliza kumene amene magiredi awo ndi oopsa. Mastercard Foundation imalipirira ophunzira pa mayunivesite ngati Edinburgh, Cape Town, Pretoria ndi Makerere, ndipo imayang'ana kwambiri ochokera m'mabanja osowa.

Mawu oti "yolipiridwa zonse" asakupusitseni. Musanakwere ndege mwalipira pasipoti, transcript ya magiredi anu, mayeso a Chingerezi a IELTS ngati yunivesite ikuwafuna, kuyezetsa TB kumene Britain imafuna kwa ochokera ku Malawi, ndi maulendo a ku Lilongwe osawerengeka. Zina amadzabweza, zina ayi. Pa mafomu ena a kunja mayina atsopano a mayunivesite athu, amene anabwera University of Malawi itagawidwa mu 2021, sapezeka pa mndandanda, ndiye amene analowa pa Poly n'kutuluka pa MUBAS akonzeretu chiganizo chofotokoza zimenezo. Phindu la njira iyi ndi lalikulu: malabu, mabuku, anzanu a m'maiko makumi, ndi dzina la yunivesite limene limatsegula maofesi. Kuipa kwake, mpikisano ndi woopsa, ambiri amapata ulendo wachiwiri kapena wachitatu, ndipo mastazi ya miyezi 12 imathamanga moti kafukufuku wake amakhala wa miyezi itatu yokha. Wofuna PhD aziganizire zimenezo.

Njira ya mu Africa ndi imene ndimaona kuti timaiponda mwachibwana. Mu 1997 maiko a SADC anasainirana ku Blantyre konkuno pangano la zamaphunziro, ndipo chifukwa cha ilo mayunivesite a boma a ku South Africa amalipiritsa wophunzira wa ku Malawi fizi yofanana ndi ya mwana wa komweko, kuonjezerapo kandalama ka alendo. Muyenera kutumiza digiri yanu ku SAQA, bungwe la komweko loona za madigiri, kuti aiyeze, ndipo nthawi zina amakuuzani kuyamba ndi chaka cha honours musanalowe mastazi. Viza ya sukulu imafuna inshulansi ya chipatala ya komweko. Sindibisa, nkhanza zochitira alendo ngati zija za 2008 ndi 2015 abale athu a ku Joni amazikumbuka, ndipo makolo akafunsa za zimenezo si kuti akubwebweta. Komabe mastazi yawo yambiri ndi ya kafukufuku weniweni wa zaka ziwiri, supavaiza amakhala ndi ndalama za pulojekiti, ndipo maliro akagwa kwanu mumafika pa basi. Sikolashipu ya Mandela Rhodes imalipirira achinyamata a mu Africa kuphunzira komweko.

Wa masamu, fizikisi kapena kompyuta ayang'ane sukulu ya AIMS, imene inayamba mu 2003 ku Muizenberg ku Cape Town ndipo ili ndi nthambi ku Senegal, Ghana, Cameroon ndi Rwanda. Osankhidwa salipira fizi, chakudya kapena pogona, ndipo aphunzitsi amachokera m'mayunivesite a dziko lonse kudzaphunzitsa masabata atatuatatu. Pan African University ya African Union ili ndi nthambi ku Kenya, Nigeria, Cameroon ndi Algeria, iliyonse ndi maphunziro ake. A zachuma ali ndi AERC ya ku Nairobi, imene mastazi yake mumayambira pa yunivesite ya kwanu n'kukakumana ndi anzanu a maiko ena pa maphunziro osankha. Kwa amayi a sayansi ofuna PhD pali OWSD. Makomo amenewa mizere yake ndi yaifupi kuposa ya ku London, kungoti zithunzi zake sizikhala ndi chipale.

Kuphunzira konkuno kuli mitundu iwiri, ndipo isasokonezedwe. Pali mastazi yomangidwa pa pulojekiti: malo a AquaFish pa LUANAR ndi ACEPHEM pa KUHeS, amene anakhazikitsidwa ndi thandizo la World Bank, aphunzitsapo anthu a maiko angapo, ndipo mabungwe ofufuza ngati Malawi-Liverpool-Wellcome amatenga achinyamata n'kuwakonzekeretsa mastazi ndi PhD. Imeneyi ndi yabwino kwambiri, chifukwa deta ilipo, supavaiza akufuna mumalize poti naye ali ndi lipoti loti apereke, ndipo nthawi zambiri mumatuluka ndi pepala losindikizidwa. Olowa m'menemo ambiri ndi aja anayamba ndi kuyeretsa deta ya wina. Mtundu wachiwiri ndi wodzilipirira, wa Loweruka ndi Lamlungu, uku mukugwira ntchito. Umasunga malipiro ndi banja, ndipo kwa wofuna kukwezedwa pa ntchito ndi wokwanira. Koma makosi akatha n'kufika pa kulemba, ambiri amamira: ntchito yachuluka, supavaiza ali ndi ophunzira 15, chaputala chimagona pa tebulo miyezi. Musanalipire, funsani amene analowa zaka zitatu zapitazo kuti mwa iwo avala gauni ndi angati, ndipo onani ngati pulogalamuyo ndi yovomerezedwa ndi NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede.

Njira zitatu zonsezi, mukatsegula mafomu ake, zimafunsa zinthu zofanana: magiredi a kirediti kapena kuposa, nkhani yanu m'mawu ochepa, ndi makalata awiri kapena atatu a umboni. Ndawerengapo makalata oterewa. Ina imati wophunzirayu anali m'kalasi langa, anakhoza bwino, ndi wakhalidwe. Imeneyo analemba ndi munthu amene anakuonani pakati pa mitu 200. Ina imati mtsikanayu anapeza kuti mafomu 60 a ku boma lina analembedwa kawiri, anabwera kudzandiuza yekha, ndipo anakonza njira yoti zisachitikenso. Pa awiriwa wosankha sachedwa.

Ndiye wa chaka choyamba ndi chachiwiri, asunge magiredi, aphunzire chida chimodzi cha manambala mpaka achidziwe, ndipo apangitse pasipoti nthawi idakalipo, chifukwa mwayi ukafika sudikira mzere wa ku Immigration. Wa chaka chachitatu agogode ofesi ya lekichala. Wa chaka chomaliza aitenge pulojekiti yake ngati chinthu choti chidzaima pa positala, osati chongokhozera. Amene ali kale pa ntchito ndipo ali ndi ana a sukulu, mastazi ya konkuno kapena ya chaka chimodzi kunja ndiyo ingamuyenere, pamene wofuna kudzakhala wofufuza apindula kwambiri ndi zaka ziwiri pansi pa supavaiza wa pulojekiti, kaya ku Blantyre, kaya ku Stellenbosch.

Mphwanga uja sanapite ku Dubai, ndipo anandikwiyira pafupifupi mwezi. Abstract yomweyo anapita nayo kwa lekichala wake, amene anaifiira ndi cholembera mpaka inachita kuoneka ngati yavulala, kenako anamupatsa mafayilo a kafukufuku wina kuti awayeretse pa holide. Kumapeto kwa chaka anakaima pa positala ya nsalu ku msonkhano wa ku Blantyre, atavala jekete yobwereka kwa ine imene manja ake anali aatali. Mayi wina anaima pamenepo nthawi ya tiyi, anamufunsa chifukwa chimene anachotsera makomo ena pa chiwerengero chake, anamvetsera yankho, n'kujambula positalayo ndi foni. Mu Januwale anamuimbira. Panopa akumaliza chaka chachinayi, Loweruka amakhala pa Stata, ndipo sabata yatha ananditumizira fomu ya Beit kuti ndimuonere, ngakhale ndamuuza kawiri kuti ayambe wavala gauni. Njinga ija ikadali pa siteji, ikunyamula anthu.